Wamkuluyo Akadali Khanda

Tsiku limene khanda latsopano lafika pakhomo kuchokera kuchipatala, mwana wa zaka ziwiri amapatsidwa udindo umene sanaupemphe. Dzulo lomweli amagona pachifuwa pa mayi ake, popita kuchigayo ali kumsana. Lero aliyense wodzaona mwana akumuuza kuti, "Iwe leka kulira, wakula tsopano, ndiwe achimwene." Chikhalirecho m'thupi mwake simunasinthe kanthu. Kamimba n'komwe kaja, timiyendo ndi tomwe tija togwa pamalo osalala. Chasintha n'chakuti bere, msana ndi mphasa ya mayi ake zamuchoka nthawi imodzi. Inu ana anga amene muli ndi ana opondana, kapena amene mukuyembekezera wachiwiri woyamba asanathe n'kuyankhula komwe, ndikuuzeni: khandalo oliyang'anira ndi ambiri. Woiwalika pachisangalalocho ndi wamkuluyo.

Nkhani imayambira pa bere. Mayi akangozindikira kuti waima, azakhali ndi apongozi amathamangira kunena kuti mkaka wawonongeka, mwana aleke kuyamwa lero lomwe. Ena amapaka tsabola kubere, ena amalawirira m'mawa mwake kukatula mwanayo kwa agogo kumudzi. Mkaka wa mayi woyembekezera suwola ayi. Umachepako, kakomedwe kake kamasintha, koma supatsa mwana matenda. Ngati mimba ilibe vuto ndipo mayi akudya mokwanira, azamba ndi anamwino amalola kuti mwana ayamwebe mpaka zaka ziwiri zija zikwane. Chodwalitsa mwana wotumbizidwa ndi kuchotsedwa kubere mwadzidzidzi popanda chakudya cholowa m'malo mwake. Mukafuna kumuletsa, yambani kudakali miyezi, masana poyamba, usiku pambuyo pake, kuti asadzaone ngati mng'ono wakeyo ndiye wamulanda. Kwa agogo sindikuletsa, agogo analera tonsefe. Koma mwana apiteko akuwadziwa kale, ndipo mufunse mosachita manyazi ngati nkhokwe ya agogoyo imafika mu Januwale ndi Febuluwale. Alipo ana amene amapita kumudzi masaya ali phwii, n'kubwerako atatupa mapazi.

Pa chakudya ndichedwapo pang'ono, chifukwa mabanja ambiri amapunthwa pomwepa, a m'tauni omwe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira. Kupinimbira sikuoneka msanga. Mwana amasewera, amaseka, uku msinkhu ndi nzeru zikutsalira, ndipo zaka zoyambirirazi zikadutsa kumavuta kubwezeretsa. Mwana wa zaka ziwiri sangathe nsima yambiri nthawi imodzi, choncho kumudikiritsa nkhomaliro ndi mgonero wa akuluakulu n'kumugoneka ndi njala. Adye kasanu patsiku: katatu chakudya chenicheni, kawiri kanthu kotolatola monga nthochi, mbatata, papaya kapena mango m'nyengo yake. Phala la mgaiwa lisakhale lamadzimadzi longothira shuga. Thiranimo nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Likuni Phala mukaipeza ndi bwino, koma chimanga ndi soya wokazinga mungathe kukagayitsa nokha. Chachikulu, akhale ndi mbale yakeyake, ndipo munthu wamkulu akhale naye pansi mpaka amalize. Pambale ya gulu, ana a zaka 7 amatha ndiwo iye akadali kupoza mbamu yoyamba.

Mukaona mapazi akutupa, tsitsi likufiira n'kumathothoka, mwana wangoti ndwii osafunanso kusewera, musayambe kufufuza amene wathira mchere m'ndiwo kapena amene walakwira mwambo wa m'nyumba. Pamene mlandu wa tsempho uzidzatha, mwana adzakhala atafookeratu. Thamangirani kuchipatala. Chiponde chimene amapereka kumeneko ndi mankhwala a wodwalayo, si chogawana banja lonse.

Popita kusikelo ndi khanda, nyamulani timabuku ta kusikelo ta ana onse awiri. Amayi ambiri amaleka kukweza wamkulu sikelo akangolandira katemera wa chikuku wa pa miyezi 9, chonsecho pali wachiwiri pa miyezi 15, palinso vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba pa miyezi 6 iliyonse mpaka zaka 5. Sikelo ya mwana ikaleka kukwera, mlangizi wa zaumoyo amazindikira msanga kuposa inu amene mumamuona tsiku ndi tsiku. Za neti chimodzimodzi: khanda likalowa m'neti ya mayi, wamkuluyo asasamukire pamphasa ya pamtunda. Udzudzu sudziwa kuti anauzidwa zoti wakula.

Tsono nsanje. Idzabwera ndithu. Mwana amene analeka kukodza pogona adzayambiranso, amene amayenda yekha adzafuna kuberekedwa. Ena amafuna kulawanso bere, ena amatsina khanda mayi akangotembenuka, ena amanena poyera kuti, "Kam'bwezeni kuchipatala." Umenewo si ufiti, si kuipa mtima. Mwanayo alibe mawu onenera kuti mwandiiwala, ndipo kumukwapula kumangomutsimikizira zomwe akuganizazo. Gwirani dzanja lotsinalo, muuzeni mwamphamvu kuti ayi, kenako mumukhazike pamwendo. Mpatseni tintchito: kukatenga thewera, kugwira sopo posambitsa mwana, kuthamangitsa ntchentche. Nthawi zina khanda likayamba kudandaula inu mukudyetsa wamkulu, nenani mokweza kuti, "Dikira kaye iwe, ndikudyetsa achemwali ako." Khanda silimva mawuwo, koma wamkuluyo wamva. Alendo odzaona mwana muziwanong'oneza pakhomo kuti ayambe apatsa moni wamkuluyo, ndipo wobweretsa sopo ndi chitenje cha khanda sangasauke ndi nthochi imodzi ya mnzakeyo.

Koma awiriwa musawasiye okha, ngakhale pongopita kukayanula zovala. Pamsinkhu umenewu chikondi n'choopsa kuposa nsanje: adzafuna kunyamula khanda, kulidyetsa mtedza, kulifunditsa bulangeti kumaso kuti lisamve kuzizira.

Mayi akatanganidwa ndi kuyamwitsa, ngozi zimapeza mpata. Ambiri mwa ana amene amagonekedwa m'zipatala atapsa ndi osakwana zaka 5, ndipo zowawotcha n'zodziwika: phala lophulidwa n'kuikidwa pansi, madzi osamba a khanda osiyidwa m'beseni asanasakanizidwe, mbaula yowotha m'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye. M'beseni muziyamba kuthira madzi ozizira, otentha pambuyo. Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osati dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira, kenako kuchipatala. Ndowa yonyikamo matewera izikhala yovundikira, chifukwa mwana wogweramo chamutu sakuwa. Palafini asakhale m'botolo la zakumwa, ndipo mankhwala a makoswe ndi mapiritsi a mayi akhale pamwamba poti ngakhale atakwera pampando sangafikepo.

Inu abambo, gawo lanu ndi ili. Khanda simungaliyamwitse, koma wamkuluyo mungathe kumutenga yense: kumusambitsa, kumudyetsa, kugona naye, kudzuka naye usiku, kupita naye kugolosale Loweruka. Anzanu a pabawo adzati anakudyetsani khuzumule. Alekeni anene, mwana akadwala iwowo sadzagona nanu kuwodi. Amene muli pantchito yolembedwa, dziwani kuti lamulo la zantchito linasinthidwa mu 2021 ndipo limapatsa bambo tchuthi cha milungu iwiri mkazi akabereka. Tchuthicho si chokalimira kumudzi kapena chotsatira angongole. Lamulo lomwelo limapatsa mayi milungu yosachepera 8 ya malipiro onse, koma kamodzi pa zaka 3. Amene ana anu apondana pafupi, funsani kuntchito mimba ikadali yaing'ono, kuti mudziwiretu mwezi umene ndalama idzasowe.

Nanunso amayi ake a mwana, kupempha si ulesi. Kale mayi amakhala m'chikuta mpaka mchombo ugwe, ena akumuphikira ndi kumutungira madzi. M'nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Area 25, chikuta chimatha mlendo womaliza akangotsanzika. Amayi a kumpingo akafunsa chimene angathandize, musati "palibe, zikomo." Apatseni zochapa, kapena atenge wamkuluyo masana amodzi inu mugoneko. Chokhacho chimene ndimadana nacho n'kukatenga kamtsikana ka Sitandade 5 kumudzi kuti kadzalere, sukulu n'kuthera pomwepo. Nakonso n'kamwana ka munthu, ndipo sikangathe kuyang'anira ana awiri ndi moto nthawi imodzi. Ngati milungu ikupita mtima uli wosweka, mukungolira osadziwa chifukwa, tulo osabwera ngakhale ana atagona, chakudya osakoma, uzani namwino. Ndi matenda odziwika amene amagwira amayi ena akabereka, ndipo amachizika.

Chotsala ndi nkhani ya mwana wachitatu. Azaumoyo amalangiza kuti padutse zaka zosachepera ziwiri mwana atabadwa mayi asanaimenso. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: khanda silinakwane miyezi 6, likuyamwa mwakathithi usana ndi usiku popanda madzi kapena phala, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikangochokapo chitetezo chatha, ndipo mimba ingathe kubwera kusamba kusanaoneke n'komwe. Ena a inu wachiwiriyu anabwera choncho. Pa sikelo ya milungu 6, tsiku limene khanda likulandira katemera, pitani nonse awiri mukafunse za njira zolerera: jakisoni wa miyezi 3, Implanon wa zaka 3, Jadelle wa zaka 5, kapena lupu. Mukasankhe muli limodzi, ndipo tsiku lobwereranso likalembedwa m'kabuku ka mayi, bambo nawonso alidziwe.