Poyendera Odwala: Chifukwa Chosinthira Chichokere kwa Mwini Wake

Amayi anzanga, ndi kangati mwapita kukaona wodwala amene wasiya mankhwala, mwamulangiza mpaka mawu kusasa, iye n'kumangoti "ndamva, amayi," koma osasintha kanthu? Kuno ku Zemba timakumana nazo. Bambo wa chifuwa chachikulu amasiya mankhwala mwezi wachiwiri chifukwa wayamba kupeza bwino, pomwe ayenera kumwa miyezi 6. Mnyamata wa ma ARV amaiwala tsiku lopita kuchipatala chifukwa cha kachasu. Boma la Zambia linayamba kupereka ma ARV mwaulere mu 2005, koma mankhwala aulere sadzimwetsa okha.

Akuluakulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika. Katswiri wina wa za maganizo wa ku America, William Miller, anaona zomwezi pothandiza anthu omwa mowa mwauchidakwa, ndipo analemba za izi mu 1983. Ukamukankha munthu kuti asinthe, amayamba kuikira kumbuyo khalidwe lakelo. Koma akatchula yekha chifukwa chosinthira, amachigwiritsitsa. Mu 1991 iye ndi Stephen Rollnick anatulutsa buku lofotokoza njirayi, ndipo anamwino ndi alangizi m'mayiko ambiri amaitsata. Nafenso tingathe.

1. Funsani funso lofuna kufotokoza. M'malo monena kuti "Bambo, mwasiyiranji mankhwala?" nenani kuti "Bambo, mankhwalawa akukuvutani motani?"

2. Bwerezani zimene mwamva. "Ndiye mukuti mankhwala akukupatsani njala, pomwe m'nkhokwe chimanga chatha." Munthu akaona kuti mwamumvetsa, amamasuka.

3. Yamikirani chabwino chimene wachita kale. "Miyezi iwiri yonse munamwa osadumphitsa. Si zapafupi."

4. Funsani chimene amachikonda koposa. Wina adzatchula ana amene ali pasukulu, wina munda wake wa mtedza. Kenaka funsani kuti, "Nanga matendawa akabwerera, mundawo ukhala bwanji?" Mukatero khalani chete, ayankhe yekha.

5. Muuzeni ayese mtima wake. "Kuchokera pa 0 kufika pa 10, kufuna kwanu kuyambiranso mankhwala kuli pati?" Akati 4, musafunse chifukwa chake sanafike pa 10. Funsani kuti, "Bwanji simunanene 1?" Poyankha adzatchula yekha zifukwa zosinthira.

6. Pemphani chilolezo musanalangize. "Kodi ndingakuuzeni zimene ndikudziwa?"

Pomaliza, funsani chinthu chimodzi chimene iye angachite sabata ino, monga kubwerera kuchipatala, ndipo mudzipereke kumuperekeza. Za kuyambiranso mankhwala aweruze ndi achipatala, osati ife. Wodwalayo akafooka kwambiri, musachedwe ndi mafunso, mutengereni kuchipatala. Ndipo zimene mwamva pakhomopo zisakafike kuchitsime.

Zokambirana pa Chigwirizano:
Khalani awiriawiri, wina akhale wodwala, wina mlendo, muyesere mafunsowa. Kodi chavuta kwambiri n'chiyani, kufunsa kapena kukhala chete?