Galu Wathu Adye Chiyani?

Pafupifupi pakhomo lililonse m'mudzi mwathu pali galu. Amalonda nyumba usiku. Amapirikitsa anyani kumunda. Koma wina akatifunsa kuti, "Galu wanu wadya chiyani lero?" ambirife timaseka. Timati galu amadzionera yekha. Tikamukumbukira timamuponyera mkute, basi.

Nsima yokha sikwanira. Chimanga chimapatsa mphamvu, koma chilibe zonse zimene thupi limafuna. Galu wodya nsima yokha miyezi yambiri amatuluka zilonda m'kamwa. Amachucha dovu lonunkha, amakana kudya, lilime limada. Madokotala a ku America anapeza kuti nthenda imeneyi ndi imodzimodzi ndi pelagra, nthenda ya anthu odya chimanga chokhachokha, imene imadetsa ndi kukakalitsa khungu pamene pamawomba dzuwa. Mu 1937 Conrad Elvehjem anachiza agalu otere ndi niasini, vitamini wopezeka m'chiwindi, m'nyama, m'nsomba ndi mu mtedza. Nthendayi si yachilendo kwa ife. Mu 1989 ndi 1990 abale athu ambiri amene anathawira ku Malawi chifukwa cha nkhondo anadwala pelagra m'misasa, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira.

Nanga timupatse nyama yaiwisi? Ku Ulaya, ku America ndi ku Australia kuli anthu amene amadyetsa agalu awo zaziwisi zokhazokha: nyama, mafupa, chiwindi, mazira ndi masamba. Amati makolo a galu kuthengo sankaphika. Ndi zoona. Koma anthu amenewo amagula nyama yoyezedwa kale, ndipo amaisunga m'firiji. Ngakhale zili choncho, madokotala ambiri a ziweto sazivomereza, chifukwa m'nyama yaiwisi mumakhala tizilombo totsegula m'mimba, ndipo timafika mpaka kwa eni nyumba.

Ife kuno timapha mbuzi pansi pa mtengo, agalu atazungulira. Apa tiwerenge pang'onopang'ono. Nthawi zina m'chiwindi kapena m'mapapo a mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe timapeza matuza okhala ndi madzi. Timadula pamenepo, timati ndi poipa, n'kuponyera galu. Uku ndi kulakwa kwakukulu. M'matuzamo muli ana a njoka za m'mimba. Galu akadya, njokazo zimakulira m'matumbo mwake. Ndi zazing'ono kwambiri, ndipo galuyo saoneka wodwala. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, amagwera pa udzu, pa ndiwo za kudimba, amamatira ku ubweya wa galu. Mbuzi ikadya udzuwo imadwala matuza. Mwana akasewera ndi galu n'kudya osasamba m'manja, mazira amalowa m'thupi mwake. Thuza limakula mwakachetechete m'chiwindi kapena m'mapapo a mwanayo kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zina limafuna opaleshoni. Choncho chiwalo chokhala ndi matuza tichitenthe, kapena tichikwirire m'dzenje lakuya limene galu sangafukule. Zam'kati zooneka bwino, tiziwiritse kwa mphindi 30 tisanamupatse.

Chiweto chofa chokha tisapatse galu, ngakhale titamva chisoni ndi nyamayo. Sitidziwa chimene chachipha. Nkhumba yofa ndi chigodola sidwalitsa galu, koma galu amakoka mafupa ake kupita nawo ku makola a anzathu, ndipo nthenda imafalikira mudzi wonse.

Nyama yokha nayonso sikwanira. Kagalu kodya mnofu wokha kamasowa chakudya cha mafupa, ndipo miyendo yake imapindika. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka ngati minga ndipo amabaya kukhosi ndi m'matumbo. Njira yosavuta ndi iyi: tiwiritse zigoba za mazira, tiziumitse, tizisinje, n'kumawaza pang'ono m'chakudya.

Mbale yabwino ya galu sifuna ndalama zambiri. Tiphike phala lolimba la mgaiwa kapena la gaga. Tiikemo usipa kapena matemba, ngakhale zofumbutuka zotsala pansi pa thumba. Tsiku lina dzira lophika, tsiku lina nsinjiro, tsiku lina zam'kati zowiritsa. Tiwonjezere dzungu, mbatata kapena nkhwani wophika. Tisathiremo anyezi, chifukwa amawononga magazi a galu, ndipo mchere ukhale wochepa. Kagalu kadye katatu kapena kanayi pa tsiku, galu wamkulu kawiri. Akhale ndi mbale yakeyake, osati yathu, ndi madzi oyera nthawi zonse. Galu wokhuta sayendayenda m'madzala ndi m'zimbudzi, ndiponso sakumana kawirikawiri ndi agalu achiwewe. Koma chakudya sichiteteza ku chiwewe. Chimateteza ndi katemera, kuyambira galu ali ndi miyezi itatu. Alangizi a ziweto akabwera kudzabaya, tiwafunsenso za mankhwala a njoka za m'mimba.

Tikambirane: Ndani mwa ife anaonapo matuza a madzi m'chiwindi cha mbuzi? Anachita nawo chiyani? Pa tsiku la ukwati kapena la maliro, pamene tikupha ziweto zambiri, ndani angayang'anire zam'kati kuti agalu asazitole?

Tilembe m'makope mwathu: galu, gaga, chiwindi, matuza, katemera. Kenaka aliyense alembe chiganizo chimodzi chonena zimene galu wake anadya dzulo.