Galimoto ya Rimoti pa Ndalama Zochepa: Yezani Musanalumikize



Teremu yatha mnyamata wina wa Fomu 2 anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi atanyamula kagalimoto ka rimoti m'jumbo. Anakagula pa kaunjika ndi ndalama zimene anasunga kwa miyezi iwiri, ndipo kanayenda bwinobwino masiku atatu. Mabatire atatha, mnzake anamulangiza kuti aikemo mabatire awiri a m'laputopu kuti kazithamanga kwambiri. Kanathamangadi, koma kwa mphindi imodzi yokha. Kenako kanatulutsa kautsi n'kuima. Titakatsegula tinapeza bolodi lake litapsa. Linapangidwira mavolti 4.5, iye analipatsa 8.4.

Phunziro la mwezi uno lachokera pamenepo. Ambiri mwa ife tinakula tikupanga magalimoto a mawaya, choncho luso la manja tili nalo kale. Chimene chimatithera ndalama pa galimoto ya rimoti ndi kulumikiza zinthu tisanayeze. Amene amayamba wayeza ndi kuwerengera amagula chinthu kamodzi. Wongoyerekeza amagula kawiri.

1. Zigawo zinayi za galimotoyi

Kuyendetsa chinthu ndi mafunde a wailesi si kwa lero. Mu 1898 Nikola Tesla anaonetsa anthu ku New York kaboti kamene ankakawongolera popanda waya uliwonse wokalumikiza kwa iye. Mu 1976 kampani ya Tamiya ya ku Japan inatulutsa galimoto yake yoyamba ya rimoti yoti wogula amange yekha, yofanizira Porsche 934. Kaya galimoto ndi yodula kaya ndi ya pa kaunjika, zigawo zake ndi zinayi.

Choyamba ndi rimoti, imene imatumiza lamulo. Chachiwiri ndi bolodi la m'galimoto, limene limalandira lamulolo n'kutsegulira magetsi. Chachitatu ndi mamota: ina imazunguza matayala akumbuyo, ina yaing'ono imakhotetsa akutsogolo. Chachinayi ndi batire. Zina zonse, monga bodi, matayala ndi nyali, mungapange nokha.

Kuti galimoto ibwerere m'mbuyo, bolodi limangotembenuza njira imene magetsi akulowera mu mota. Yesani nokha: tengani mota yaing'ono ndi batire la tochi, sinthanitsani mawaya awiriwo, muona mota ikuzungulira mbali ina. Pa bolodi ntchito imeneyi imagwiridwa ndi matransistor anayi olumikizidwa ngati chilembo cha H. Amenewa ndi amene amayamba kupsa mphamvu ikachuluka.

2. Chogula ndi chotola

Njira yotchipa kwambiri ndi kugula kagalimoto kothyoka bodi kapena kosowa tayala, koma kokhala ndi rimoti yake. Chimene mukulipira ndi bolodi ndi rimoti, chifukwa ziwirizi simungazipange pakhomo. Pitani kumsika ndi mabatire anu, muyese pomwepo musanapereke ndalama: mota yakumbuyo izungulire mbali zonse ziwiri, ndipo yakutsogolo ikhotere kumanja ndi kumanzere.

Onaninso nambala yolembedwa pa rimoti ndi pansi pa galimoto. Zakale zimalembedwa 27 MHz, 40 MHz kapena 49 MHz, zatsopano 2.4 GHz. Nambala ziwirizo zifanane. Magalimoto awiri a 27 MHz akayendera limodzi amasokonezana, rimoti ya wina n'kumayendetsa galimoto ya mnzake. A 2.4 GHz alibe vutoli chifukwa galimoto imagwirizana ndi rimoti yake mukangoziyatsa. Koma pa chifukwa chomwecho, rimotiyo ikasowa, kupeza ina yogwirizana nayo n'kovuta.

Zotsalazo tolani. Mamota ndi magiya amapezeka m'mawailesi a kaseti, m'ma DVD ndi m'maprinta akufa. Mawaya opyapyala ali m'zingwe za machaja otha ntchito. Sipoko ya njinga imakhala ekisilo yabwino, ndipo ingazungulire m'kati mwa chubu cha bolopeni. Chasisi, pamene zonse zimakhala, chingakhale thabwa lopyapyala kapena chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa bwino. Chikhale chopepuka, chifukwa katundu aliyense wowonjezera amadya batire.

Eriyo musaidule, ndiponso musaikulunge. Kutalika kwake kumayenderana ndi mafunde amene ikulandira. Ya 2.4 GHz imakhala pafupifupi masentimita 3 okha. Ya 27 MHz ikanafunika kupitirira mamita awiri ndi theka, n'chifukwa chake opanga amaifupikitsa powonjezera kakoyilo pa bolodi. Mukaidulanso inu, galimoto idzasiya kumva rimoti mukangotalikira pang'ono.

3. Batire: apa ndi pamene ndalama zimapsera

Musanalumikize batire lina lililonse, werengani malo a mabatire m'galimoto imene munachotsamo bolodi. Batire la AA ndi mavolti 1.5. Malo atatu ndiye kuti bolodi ndi la mavolti 4.5, malo anayi ndi la mavolti 6.

Mabatire a m'laputopu zakale amatchedwa 18650, chifukwa ndi mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Limodzi limalembedwa mavolti 3.7, koma likadzaza limafika 4.2. Awiri olumikizidwa motsatizana amafika 8.4. Choncho bolodi la mabatire atatu a AA limayenda bwino ndi 18650 limodzi lokha. Bolodi la mabatire anayi lipatseni mabatire anayi otchaja a NiMH, amene amakwana mavolti 4.8. Ngati mukufunabe awiri a 18650, ikani pakati kachipangizo kotsitsa mphamvu kotchedwa LM2596, mukazunguze kasikulu kake mpaka multimeter ionetse 6, kenako mulumikize bolodi.

Nambala ina pa batire ndi ya mAh, imene imanena kutalika kwa nthawi imene batire lingagwire ntchito. La 2000 mAh, ngati galimoto ikukoka ampere imodzi, pa masamu liyenera kutha maola awiri. Lakale limatha msanga kuposa pamenepo.

Mabatire a 18650 amayaka moto akagwiritsidwa ntchito mosasamala, ndipo malamulo awa asaphwanyidwe:

Musatsegule batire la laputopu nokha. Pakhale mphunzitsi kapena wokonza mafoni.

Batire lophwanyika, lotupa, long'ambika pulasitiki yake, kapena loonetsa mavolti ochepera 2.5 lisagwiritsidwe ntchito. Musaliponye pamoto kapena m'dzala lotenthedwa.

Tchajani limodzi limodzi ndi kabolodi ka TP4056, makamaka kokhala ndi chitetezo. Musalumikize batire ku chaja ya foni mwachindunji.

Tchajani masana, pa simenti, inu muli pomwepo. Osatchaja pa matiresi, osatchaja usiku mukugona. Likayamba kutentha, zimitsani.

Musaliike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi.

Waya wofiira ndi wa +, wakuda ndi wa -. Kutembenuza mawaya awiriwa kungaphe bolodi nthawi yomweyo, choncho onani kawiri musanayatse. Ikaninso swichi pakati pa batire ndi bolodi.

4. Liwiro ndi mphamvu yokoka

Pafupifupi aliyense amafunsa kuti galimoto ithamange bwanji. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Mota yaing'ono imazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi koma ilibe mphamvu yokankha galimoto. Mukaimangirira tayala mwachindunji, tayalalo lidzazungulira bwino m'malere, koma mukaika pansi lidzaima. Magiya amachepetsa kuzungulira n'kuchulukitsa mphamvu yokoka.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mota yachikasu yokhala ndi magiya ake, imene imagulitsidwa m'masitolo a zamagetsi. Magiya ake ndi a 1:48, kutanthauza kuti mota ikazungulira ka 48, tayala lazungulira kamodzi. Pa mavolti 6 tayala limazungulira pafupifupi ka 200 pa mphindi. Tayala lake ndi la masentimita 6.5 kuchoka mbali ina kudutsa pakati kufika mbali inayo. Likazungulira kamodzi limayenda 3.14 × 6.5, amene ndi masentimita 20.4. Pa mphindi imodzi ndi mamita pafupifupi 41, ndiye kuti makilomita 2.4 pa ola. Munthu woyenda pansi aipitirira.

Mukaikapo matayala a masentimita 9, liwiro lifika makilomita 3.4 pa ola, koma mphamvu yokankhira pansi ichepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Pa simenti ya m'holo sizivuta. Pa mchenga kapena pa chitunda galimoto idzatitimira, mota n'kuyamba kutentha. Mota ikakanirira osazungulira imakoka magetsi ochuluka kwambiri, ndipo bolodi lingapse ngakhale batire lili loyenera. Galimoto ikatitimira, siyani batani nthawi yomweyo. Sankhani matayala poona malo amene muziyendetsapo.

5. Kuikonza kuti ikhale yanuyanu

Pa mbali iyi mpata ndi waukulu, ndipo ndalama sizifunika kwenikweni. Matayala dulani ku patapata wakutha kapena gwiritsani zitsekerero zikuluzikulu za zigubu, muziveke timizere ta chubu cha njinga kuti zisamaterereke. Bowo likhale pakati penipeni. Gwiritsani ntchito kampasi ya m'bokosi la masamu, apo ayi galimoto izidzayenda modumphadumpha.

Batire ndi limene limalemera kwambiri, choncho likhale pansi, chapakati, kufupi ndi matayala akumbuyo. Likakhala pamwamba galimoto imagubuduka pokhota. Bodi pangani ndi katoni yolimba, botolo la pulasitiki kapena mawaya monga tinazolowera, kaya ya minibasi kaya ya lole. Imangeni ndi malastiki kapena timasikulu kuti muzitha kuichotsa pokonza. Mukaimata ndi guluu mudzaithyola tsiku limene waya adzaduke.

Nyali za LED zilipo m'matochi akufa. Nyali yofiira imafuna mavolti pafupifupi 2, choncho pa mavolti 5 kapena 6 muike resistor ya ma ohm 220 kapena 330 pa mwendo wake umodzi. Mwendo wautali ndi wa +. Ngati galimoto ikunjenjemera kapena kutaya rimoti mota ikayamba kuzungulira, ikani capacitor yaing'ono yolembedwa 104 pakati pa miyendo iwiri ya motayo. Imachepetsa phokoso la magetsi limene limasokoneza bolodi.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 amene akufuna kupitirira apa angamange galimoto yoyendetsedwa ndi foni. Pamafunika bolodi la Arduino, kachipangizo ka Bluetooth ka HC-05 kamene kamafika mamita pafupifupi 10, ndi bolodi loyendetsa mamota la L298N. Bolodi limeneli limadya lokha mavolti pafupifupi awiri, choncho apa ndi pamene mabatire awiri a 18650 amayenera. Njirayi ndi yodulirapo, n'chifukwa chake ndi bwino kusonkherana anthu anayi kapena asanu. Mutu umodzi susenza denga.

6. Kwa makolo ndi a komiti

Mwana akapempha ndalama za ntchitoyi, muuzeni abweretse pepala lolembapo zinthu zimene watola, zimene akufuna kugula, mitengo ya kwa ogulitsa atatu, ndi mavolti a bolodi lake ndi a batire lake. Ngati manambala awiri omalizawa sakuwadziwa, ndalama idikire kaye.

Zida ziwiri zimene mwana mmodzi sangakwanitse kugula ndi multimeter ndi chowotcherera mawaya. Sukulu itakhala nazo, kalasi yonse ingathandizike. Chowotchereracho chimatentha kupitirira madigiri 300, ndipo waya wowotcherera nthawi zambiri umakhala ndi mtovu, choncho ntchitoyi ichitike pa malo opita mphepo, wamkulu ali pomwepo, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Amene muli ndi wailesi, DVD kapena printa yakufa kunyumba, musataye, tumizani kusukulu.

Mnyamata wa Fomu 2 uja mamota ake ndi matayala sanaonongeke, ndipo tinazisunga. Akusunganso ndalama za bolodi lina, ndipo pa chasisi chake walembapo kale ndi inki yofiira: 4.5.

Mafunso oti muyankhe m'kope

1. Galimoto ili ndi malo a mabatire anayi a AA. Bolodi lake ndi la mavolti angati? Chingachitike n'chiyani mutaikamo mabatire awiri a 18650 odzaza?

2. Tayala la masentimita 8 likuzungulira ka 150 pa mphindi. Galimoto iyenda mamita angati pa mphindi imodzi?

3. Fotokozani chifukwa chake si bwino kupitiriza kudina batani galimoto ikatitimira mumchenga.

4. Lembani zinthu zisanu za pakhomo panu zimene zingagwire ntchito pa galimotoyi, ndi ntchito ya chilichonse.

Mayankho afike ku chipinda cha aphunzitsi mwezi uno usanathe.