Mafunso ndi mayankho: Bambo wopeza akafuna kuti mwana akhale wake

Woulutsa: Kalata yathu yoyamba yachokera kwa mayi wina wa kwa Mfumu Kawaza. Akuti: "Bambo wa mwana wanga anapita ku Lusaka ndipo satumiza ngakhale sopo. Ine ndinakwatiwanso, ndipo amuna anga akufuna kuti mwanayu akhale wawo mwalamulo. Bambo wake wanena pa foni kuti avomera, bola ndisadzamufunsenso ndalama. Kodi tikalembe pepala kwa a nyakwawa?"

Katswiri wa malamulo: Amayi, zikomo polemba musanasaine chilichonse. Pepala la kwa a nyakwawa silichotsa ubambo wa munthu. Lamulo lathu la ana, Children's Code Act la 2022, limaika udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana pa makolo onse awiri, kaya anakwatirana kaya ayi. Thandizo limenelo ndi la mwanayo, si lanu, choncho inu simungaligulitse posinthana ndi chilolezo cha bambo wake.

Chimene chimasintha zinthu ndi chigamulo cha khoti chopereka mwana kwa kholo latsopano. Muyambire ku ofesi ya Social Welfare pa boma la Katete. Iwo amafika pakhomo, amaona mmene mwana akukhalira, amamva maganizo ake ngati ndi wamkulupo, kenaka amalembera khoti. Khoti limayang'ana ubwino wa mwana, osati kupepukidwa kwa akuluakulu. Mpaka tsiku la chigamulocho, bambo wa ku Lusaka uja akadali ndi udindo wonse, ndipo mutha kumusumira.

Koma amuna anu amve bwino mawu awa. Khoti likagamula, iwo ndi bambo mpaka kalekale. Ukwati wanu utatha mawa, adzalipirabe sukulu ya mwanayu. Atamwalira osalemba wilo, lamulo la chuma cha masiye la 1989 limapatsa ana theka la chumacho, ndipo mwanayu adzalandira gawo lake ngati mmodzi wa ana awo obereka. Achibale awo adziwiretu lero, osati pa maliro. Ndaona ana akutulutsidwa m'nyumba chifukwa nkhaniyi inabisidwa, ndipo zimandipweteka mtima.

Woulutsa: Wina wa ku Sinda, malume wa mwana, akufunsa: "Ife Achewa mwana ndi wa kwa mayi. Nanga khoti likulowerapo bwanji pa mbumba yanga?"

Katswiri: A malume, funso lanu ndi lomveka. Mwambo wathu sunasiye mwana pa mtunda. Bambo akachoka, mwini mbumba amaimirira. Ichi ndi chifukwa chake mabanja ambiri kuno safuna n'komwe pepala la khoti: bambo wopeza amalera, mwana amasungabe mtundu wake, ndipo womubereka amafunsidwabe thandizo. Njira imeneyi ndimaikonda pamene bambo ali moyo ndipo akudziwika kumene ali. Mlongo wanu akasankha njira ya khoti, pitani naye ku Social Welfare mukanene maganizo anu, koma chilolezo chimene lamulo limafuna poyamba ndi cha makolo a mwanayo.

Woulutsa: Nanga amene alibe ndalama ya loya?

Katswiri: Apite ku Legal Aid Board ku Chipata. Atenge khadi la sikelo kapena satifiketi ya kubadwa kwa mwana, ma NRC awo, ndi mauthenga onse a pa foni a bambo uja.