BUKU LA KU BANKI LA MWANA

Pa mudzi uli wonse mwana amakhala ndi kanthu kace. Ambuye ace ampatsa kamsoti ka nkhuku. Amalume ace ocokera ku Lusaka amsiyira ndarama m'manja potsazika. Mtsikana wa zaka 13 walima kamunda kace ka nshawa, nagulitsa thumba limodzi. Koma pofunsa caka camawa kuti zija zinapita kuti, mau amakhala omwewo: "Tinabwerekako pa maliro aja," kapena, "Zinathera ku cigayo." Palibe amene anaba. Ndarama zogona m'nyumba zimaitanidwa ndi kusowa kuli konse kwa m'nyumbamo, ndipo za mwana ndizo zoyamba kuturuka, pakuti mwini wace alibe mau pamaso pa akuru.

Cifukwa ca ici mabanki ali ndi buku la padera la ana, ndilo akaunti m'manenedwe a ku banki. Nzeru imeneyi si ya dzulo ai. M'caka ca 1798 mai wina dzina lace Priscilla Wakefield anayamba kulandira timakobiri ta ana osauka ku Tottenham, m'dziko la England, nawasungira. M'caka ca 1810 mbusa Henry Duncan anatsegula banki ya anthu wamba pa mudzi wa Ruthwell ku Scotland. Masiku amenewo mabanki akuru sanali kulandira munthu wopanda mapaundi 10, koma ku Ruthwell sikisipensi inakwanira.

Mwana wamng'ono sangathe kupangana ndi banki pa yekha. Kholo lace, kapena womlera, ndiye apita ndi citupa cace ca NRC, kalata ya kubadwa kwa mwanayo, ndi zithunzi. Mabanki ena afunanso kalata yosonyeza kumene banjalo likhala. Dzina lolembedwa pa bukulo ndi la mwana, koma wosaina poturutsa ndarama ndiye kholo. Apa ndipo pali ciyeso. Khomo lidakali lotseguka kwa atate, ngakhale liri patali, ndipo ulendo wa ku Katete kapena ku Petauke umapatsa munthu nthawi ya kudzifunsa ngati cimene afunira ndaramazo ciri coyenera. Mwana atakwana zaka 16 atenga citupa cace ca NRC. Pa tsiku lotsegula bukulo kholo lifunse bwino caka cimene banki idzapereke bukulo m'manja mwa mwini wace, pakuti mabanki asiyana pa ici.

Ambiri lero anena kuti, "Tisungira mwana mu foni." Koma nambala ya foni imalembedwa m'dzina la munthu wamkuru wokhala ndi citupa, cifukwa cace ndarama za mwana zokhala m'menemo zimasanganikirana ndi za atate, ndipo zimaturuka pa kabuthi kali konse ka pa msika.

Cinthu cina cimene anthu sakonda kucinena ndico imfa. Lamulo la m'caka ca 1989 linena kuti munthu akamwalira wosasiya kalata ya cuma cace, ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalirayo 20, ndi ena amene anali kuwalera 10. Lamulo liripo, komatu pa midzi yambiri ng'ombe, njinga ndi malata zimacoka pa khomo maliro asanathe, ndipo ana amasiye atsala ndi mphasa. Ng'ombe munthu angathe kuikusa usiku. Ndarama zolembedwa m'dzina la mwana sizituruka popanda makalata, ndipo wacibale wolusa sangazinyamule pa phewa. Ndi bwino kuti amai adziwe kumene kuli mapepala a bukulo, angakhale wosaina ali atate.

Koma munthu asayese kuti ku banki kulibe ciswe. Ciswe coyamba ndico malipiro a mwezi ndi mwezi. Mwana akasunga K500, banki nimpatsa ciongoladzanja ca 5 pa 100, phindu lace pa caka ndi K25. Tsono bukulo likakhala la mtundu wodula K10 mwezi uli wonse, banki itenga K120, ndipo caka cikatha mwana atsala ndi K405. Wasauka cifukwa ca kusunga! Mabuku ambiri a ana alibe malipiro otere, koma kholo lifunse mosacita manyazi: Kodi mudula zingati pa mwezi? Poturutsa mudula zingati? Zoyenera kutsalamo nthawi zonse ndi zingati? Kalaliki wa pa windo ali pomwepo cifukwa ca mafunso omwewa.

Ciswe caciwiri ndico kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo akuru a m'dziko muno acidziwa bwino. Pamene kwacha inayamba m'caka ca 1968, K2 inali yolingana ndi paundi imodzi, ndipo K100 inali cuma ndithu. M'caka ca 1993 mitengo inakwera koposa kawiri m'caka cimodzi. Pofika 1 January 2013 Boma linacotsa maziro atatu, K1,000 nisanduka K1. K100 ija ya kale inatsala 10 ngwee. Ndipo m'caka ca 1995 banki ya Meridien inatsekedwa, anthu ambiri nasauka mtima pofuna ndarama zao. Pa ici wanzeru saika zonse pa malo amodzi, ndiponso sapereka ndarama za mwana kwa anthu olonjeza phindu lalikuru popanda cilolezo ca Bank of Zambia. Mbuzi imabereka koposa ciongoladzanja ca banki iri yonse, ngakhale mbuzi ndiyo imagwidwa mlendo akafika, ndipo nkhumba zimatha ndi cigodola m'sabata imodzi. Buku la ku banki liyenera makamaka ndarama zokhala ndi nchito yodziwika m'zaka zapafupi. Kuyambira 2022 ana salipira fizi m'masukulu a Boma kufikira kumariza sekondale, koma yunifomu, nsapato, makope ndi ulendo wa ku sukulu yogonera komweko zidakali pa khosi la kholo, ndipo koleji iri patsogolo.

Mwana wofika zaka 10 kapena 12 asamangomva kuti ali ndi buku. Apite nao ku banki, awerenge yekha ndarama pa windo, nasunge kapepala kosonyeza zimene zalowa. Mnyamata kapena mtsikana amene wapatsidwa khadi adziwe kuti nambala yace ya cinsinsi sauza bwenzi, sailemba pa khadipo, ndipo wina akamuitana pa foni nati ndine wa ku banki, ndiuze nambala yako, ameneyo ndi mbala. Buku la mtsikana litsegulidwe monga la mlongo wace, pakuti mtsikana ndiye amayamba kusiyitsidwa sukulu ndarama zikacepa.

Anthu a kutali ndi boma awerengerenso za ulendo. Kulipira K80 pa galimoto kuti munthu akasunge K50 ndiko kutaya. Kuli bwino kupita kamodzi kapena kawiri pa caka, atagulitsa cimanga, thonje kapena nshawa, pa tsiku lomwelo lokagula feteleza, ndi kuyamba kulowa ku banki asanalowe m'sitolo.