Munthu akamenyetsa mutu, funsani kaye kuti zinachitika bwanji

Wina wagundana mitu ndi mnzake pa mpira, wina wagwa pa njinga yamoto ya kabaza. Onse akudandaula mutu, chizungulire, nseru ndi kuthobwa m'maso ndi kuwala, chifukwa ubongo wawo wagwedezeka m'chigaza. Koma kuchira kwawo sikuyenda mofanana, ndipo chisamaliro chiyenera kutsata chomwe chinawavulaza.

Choyamba, kaya wavulala bwanji, muoneni ngati akusanza mobwerezabwereza, mutu ukuwawirawawira, akusokonezeka, akuphupha, wafooka dzanja kapena mwendo, kapena madzi oyera akutuluka m'mphuno kapena m'khutu. Chimodzi chokha mwa izi, thamangirani kuchipatala. Musadalire zoti sanakomoke. Ambiri ogwedezeka ubongo sakomoka n'komwe.

Kenako mupumitseni maola 24 mpaka 48, asamayang'anitsitse foni kapena kanema, ndipo asamwe mowa. Mutu ukawawa mupatseni Panado. Aspirin ndi brufen zisiyeni masiku oyambawa chifukwa zikhoza kukulitsa kukha magazi m'kati. Kumugoneka m'chipinda chamdima sabata yathunthu kumachedwetsa kuchira. Masiku awiri akatha ayambe kuyenda pang'onopang'ono.

Tsopano bwererani ku funso lija: zinachitika bwanji?

Ngati ndi masewera, mwayi ulipo: akuluakulu ambiri amachira m'milungu iwiri, ana m'milungu inayi. Choopsa apa ndi phuma. Wosewera asabwerere m'bwalo tsiku lomwelo, ngakhale mphunzitsi ndi ochemerera atamuumiriza. Ayambe ndi kuyenda, kenako kuthamanga yekha, kenako kuphunzira ndi anzake popanda kugundana, gawo lililonse tsiku limodzi kapena kuposerapo. Zizindikiro zikabwerera, abwerere m'mbuyo gawo limodzi. Kumenyetsanso mutu ubongo usanachire n'koopsa kwambiri.

Ngati ndi ngozi yapamsewu, yembekezerani ulendo wautali. Mphamvu ya kugundako imakhala yaikulu, ndipo khosi limakhala litakokeka mwadzidzidzi. Mutu wosatha ndi chizungulire zikhoza kuchokera m'khosimo, choncho uzani dokotala aliyeze, ndipo funsani za fizo. Palinso mantha: munthu amalota ngoziyo, sagona, amanjenjemera akamva njinga yamoto ikudutsa. Kusagonako kumawonjezera mutu ndi kuiwalaiwala. Musamuseke kuti ndi wamantha; akalankhule ndi a zaumoyo, chifukwa nkhawa yotereyi imachizika.

Ngati anachita kumenyedwa, makamaka ndi wa m'nyumba momwemo, kuchira kumavuta kwambiri, poti nkhonya siikhala imodzi ndipo mawa zina zikhoza kubweranso. Ubongo sungachire munthu akugona ndi mantha. Mupezereni kaye malo otetezeka, kenako apite ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku One Stop Centre m'zipatala zomwe zili nayo. Mufunseni ali yekha ngati anakanyangidwa pakhosi, ndipo dokotala adziwe zimenezo, pakuti kukanyanga kumamana ubongo mpweya.

Agogo akagwa, ngakhale pakhonde chabe, apimidwe tsiku lomwelo, makamaka ngati amamwa warfarin kapena aspirin. Mwa okalamba magazi amatha kudontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza, zizindikiro n'kudzaonekera patatha milungu. Akayamba kuiwala, kugonagona kapena kudzandira, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba. Funsaninso chomwe chinawagwetsa: shuga, BP, mankhwala ogonetsa, maso? Chimodzimodzi munthu wa khunyu; ngati sakumwa mankhwala ake bwino, adzagwanso.

Pomaliza, lembani m'kabuku tsiku la ngozi ndi mmene akumvera tsiku lililonse. Mwezi ukatha zizindikiro zikadalipo, bwererani kuchipatala ndi kabukuko, mukafotokoze bwinobwino mmene anavulalira, ngakhale sikani yoyamba inaonetsa kuti zonse zili bwino.