Tepi Yakale ya Kompyuta Ikakana Kuwerengeka

Tepi ya kompyuta ndi kachingwe kopyapyala ka pulasitiki kokulungidwa pa kagudumu, monga kamene kali m'kaseti ya nyimbo. Mbali imodzi ya kachingweka inapakidwa fumbi lachitsulo losakaniza ndi guluu. Polemba, makina amasanja fumbili ndi mphamvu ya maginito, ndipo zolembedwa, manambala ndi zithunzi zimasungika momwemo. Powerenga, tepi imadutsa pa kachitsulo kotchedwa hedi, kamene kamamva maginito aja.

Tepi ikavuta, katswiri sathamangira kuitaya. Amayamba watseka kaloko kake kuti makina asalembepo zina mwangozi. Kenako amayang'ana hedi, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala litsiro chabe. Hedi imatsukidwa ndi tepi yotsukira, kapena ndi kansalu koviika m'sipiriti wapadera.

Mdani wamkulu wa tepi ndi chinyezi. Guluu uja akayamwa chinyezi kwa zaka zambiri, amafewa n'kuyamba kumata. Tepi yotere imalira ikamazungulira, ndipo imasiya tizinyenyeswa tofiirira pa hedi. Tizinyenyeswato ndi zolembedwa zimene zikupalika, ndipo sizibwereranso, choncho makina ayenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo. Akatswiri amaika tepiyo mu uvuni wapadera wotentha pafupifupi madigiri 50 kwa maola ambiri, mwina masiku. Uvuni wophikira suyenera ngakhale pang'ono, chifukwa kutentha kwake kumakwera n'kutsika. Guluuyo amalimbanso kwa kanthawi kochepa, ndiye zonse zimakoperedwa msanga pa chipangizo china.

Nthawi zina tepi imakhala yabwinobwino koma makina oiwerenga ndi amene akusowa. Matepi a mtundu wa LTO, amene anayamba mu 2000, amatuluka m'mibadwomibadwo, ndipo makina atsopano sawerenga matepi a mibadwo yakale kwambiri. Pulogalamu imene inalembera tepiyo nayonso iyenera kudziwika.

Bungwe la NASA ku America linakumana ndi vutoli. Zithunzi za mwezi zimene zombo za Lunar Orbiter zinatumiza mu 1966 ndi 1967 zinakhala pa matepi kwa zaka zoposa 40. Mu 2008 akatswiri anayamba kukonza makina akale a kampani ya Ampex owerengera matepiwo m'nyumba imene kale inali lesitilanti ya McDonald's ku California. Makinawo atadzuka, zithunzi zinatuluka zooneka bwino kuposa zimene anthu anaona poyamba paja.